Jekete Yachikasu

Sitima itangoima, anthu onse anadzuka nthawi imodzi ngati wina wakuwa kuti moto. Amake Batani sanathamange nawo. Anamanga mabatani a jekete yawo yachikasu mpaka m'khosi, n'kuima kutsogolo kwa amuna awo, a Telala. Atafika pakhomo la sitima anatsokomola kamodzi, n'kutsika. A Telala anatsika pambuyo pawo bwinobwino, chipewa chili kumutu, manja ali kumbuyo ngati bwana woyendera ntchito.

"Chifuwa chimenechi sichikundisangalatsa, amayi," anatero mwana wawo Batani, yemwe anali atatsika kale ndipo ankawadikira chikwama chili paphewa. "Chibwerereni kuno mukungotsokomola."

"N'kuzizira kwa kwanu kuno, mwanawe. Tikabwerera kwathu chikatha chokha."

Chifuwa panalibe. Kutsokomolako kunali kulankhulana kwa anthu awiri okha, ndipo Batani sankayenera kudziwa. Maso a a Telala anali atayamba kale kuchita chifunga. Choyamba kuwathawa chinali chibowo cha singano, kenako nkhope za makasitomala, kenako pansi pamene ankaponda. Chimene chinatsala n'kusiyanitsa kuwala ndi mdima, komanso mtundu umodzi wokha umene unkabowolabe chifungacho, wachikasu. Ndiye anagula nsalu yachikasu n'kusokera akazi awo jekete, akazi awowo akuwalowetsera ulusi pasingano. Chinali chovala chomaliza kutuluka pamakina awo. Amake Batani akaivala ankaoneka ngati nthochi yakupsa, ndipo ankadziwa, koma ankaivala tsiku lililonse.

Panjira mayi ankatsogola, bambo n'kumatsata chikasucho. Kutsokomola kunkatanthauza sitepe yotsika. Kukhwekhwereza nsapato kunkatanthauza yokwera. Jekete ikaima, nawonso ankaima. Zogwirana mkono a Telala sankafuna kuzimva n'komwe. "Ine sindinafike pokokedwa ngati mbuzi," ankatero. Ndipo anawalumbiritsa akazi awo kuti mwana asamve. Batani anali mmodzi yekhayo. Anabadwa wochepa ngati batani la shati mpaka dzinalo linamukakamira, ndipo ntchito ya kuhotela imene anaipeza m'dziko la eni ake anaivutikira zedi. "Ndimamudziwa ameneyu," ankatero bambo ake. "Akangomva, asiya zonse abwerere kudzandilera. Ndimusokonezere mwana moyo chifukwa cha maso?"

Ulendo wa tsikuli Batani anaulota kalekale. Pakhoma la shopu ya bambo ake, pamwamba pa makina, panali chithunzi chodulidwa pakalendala yakale, cha mzinda umene misewu yake ndi madzi ndipo nyumba zake zinamera m'madzimo. Ali mwana ankafunsa ngati malowo alikodi, bambo ake n'kumayankha kuti akadzakula adzawatenge akaone okha. Tsopano anali atakula, makolo ake atabwera kudzamuona, iye atapempha tsiku kuntchito. Nkhope yake inkawala moti amayi ake analephera kunena kuti tisapite.

Atangotuluka m'siteshoni, amake Batani anaima chilili. Kutsogolo kunalibe msewu, kunalibe galimoto. Masitepe ankatsika n'kukathera m'madzi obiriwira, onunkha ngati ndowa imene mwagona nsanza yokolopera. M'mphepete mwa ngalandeyo munalibe mpanda ngakhale kakhoma. Miyala inkangotha, madzi n'kuyamba. Amene anamanga mzindawu anali anthu aluso, koma zikuoneka kuti onse anali ndi maso abwino.

"Ababa, taonani! Si chithunzi chanu chija ichi?"

"Ha! N'chomwechi ndithu," anatero a Telala, nkhope italoza chakumbali kumene kunali mulu wa masutikesi. "Kukongola kwake!"

"Makamaka nyumba yofiira ili kumanjayi, ya mazenera aataliyi," anatero amake Batani msangamsanga.

"Imeneyo ndiye ndayamba kuiona," anayankha a Telala akutembenuza mutu.

Anayamba kuyenda. Tinjira take tinali topanikiza, nyumba zazitali uku ndi uku, ndipo anthu anali atadzazamo mapewa akukhudzana. Ena ankakoka masutikesi, ena ankayenda chambuyo akujambula, ena ankangoima pakati panjira pakamwa pali yasa. Batani ankatsogola akuyang'ana mapu pafoni, amayi ake pambuyo, bambo ake kumapeto. Mlatho uliwonse unali wa masitepe, ndipo milathoyo inali yosatha. Amake Batani anakhwekhwereza nsapato ndi kutsokomola mpaka kukhosi kunayamba kuwawa zenizeni. Chimene chinkawaopsa kwambiri n'chakuti tinjira tina tinkangothera m'madzi popanda chenjezo. Munthu ukamayenda unkaona khoma uku, khoma uko, kenako mwadzidzidzi madzi ali paphazi.

Chakumasana anatulukira pabwalo lalikulu lodzaza nkhunda ndi anthu. Kumwamba kunali kutayamba kuda. Amuna ovala mayunifomu ankatsitsa matabwa aatali n'kumawayala pamiyendo yachitsulo ngati akukonza mabenchi a msonkhano. Pakati pa miyala yapansi madzi ankatumphuka pang'onopang'ono, popanda mvula, ngati nthaka ikutuluka thukuta. Batani anafunsa mmodzi wa amunawo m'chilankhulo chawo.

"Akuti madzi akwera lero, adzaza bwalo lonseli," anatero akuseka. "Akuti zimachitika. Matabwawa ndi oti anthu aziyendapo. Mundidikire pano, ndikakugulireni maswiti a chifuwa."

Atangochoka, amake Batani anasendera pafupi ndi amuna awo.

"Bambo ake Batani, tiyeni timuuze. Malo ano si abwino."

"Mwatopa n'kutsokomola?"

"Ndatopa ndi mantha. Kwathu mukaphonya sitepe muthyoka mwendo. Kuno mukaphonya, tikakuvuulani pansi pa madzi."

"Simukumumva mawu mmene akusangalalira? Mukufuna tsiku limeneli azilikumbukira kuti ndi limene anamva kuti bambo ake saona?"

"Ndiye ndikugwireni mkono, kwa lero lokha. Kuno aliyense akugwirana, ngakhale nkhalamba zoposa ife."

"Chikwatirane sitinagwiranepo panjira. Tikayamba lero adabwa. Inu muzingoyenda kutsogolo, nthochi yanga. Ndikukuonani bwinobwino."

Amake Batani anayang'ana kumbali. Mumtima anakwiya, koma anali atalumbira, ndipo mwamuna amene ankaseka patsogolo pawoyo ankamudziwa kuti akalimba mutu sasunthika.

Mvula inawapeza atachoka pabwalo paja, ali pakamphambano kopanikiza pafupi ndi pokwerera maboti. Sinayambe ndi kuwaza, inangokhuthuka. Ogulitsa anatulukira m'makona onse, mikono itadzaza marenikoti a pulasitiki opyapyala ngati jumbo, ndipo ambiri mwa marenikotiwo anali achikasu. Amake Batani anaona munthu woyamba akuvala yachikasu, kenako wachiwiri, kenako gulu lonse la alendo limene linkatsata mayi wina wonyamula ambulera m'mwamba. Asanatsegule pakamwa, Batani anali atafika ali ndi marenikoti m'manja.

"Inu ndakusankhirani yabuluu, amayi. Chikasu chakukwanani, mupumeko."

"Ayi, ine sindikufuna, jekete yanga ndi yo..."

"Ndi chifuwa chimenecho? Kwezani manja!"

Anawaveka kudzera kumutu ngati mwana wa sukulu. Pulasitikiyo inamata kumaso, inakola pa ndolo, ndipo amake Batani analimbana nayo asakuona kanthu. Nthawi yomweyo boti linakocheza n'kukhuthula anthu, amene anadutsa pakamphambanopo akukankhana pothawa mvula. Mutu wawo utatulukira, anatembenuka kuti aone kumbuyo. Pamene panaima a Telala panali mwamuna wina wonenepa akupukuta magalasi.

"Abambo ako ali kuti?"

Batani anayang'ana uku ndi uku, renikoti ya bambo ake ikadali m'manja. "Anali pompano. Mwina abisala mvula m'sitolo."

Anasuzumira m'sitolo ya zidole, m'sitolo ya zikwama, m'nyumba yodyera. Munalibe. Batani anatulutsa foni n'kuimba. Foni ya a Telala inalira m'chikwama cha akazi awo, mmene inkakhala masiku onse popeza mwini wake sankaonanso manambala.

"Musade nkhawa, amayi. Ababa ndi munthu wamkulu. Pakona iliyonse pali chikwangwani choloza kusiteshoni, awerenga. Tiyeni tikawadikire kumeneko."

"Sapita kusiteshoni. Gulu la achikasu lija lalowera kuti?"

"Achikasu atani? Ababa angatsate bwanji anthu osawadziwa?"

Amake Batani anang'amba renikoti yabuluu ija kuyambira pakhosi mpaka pansi n'kuitaya. Analowa kanjira kamene kumapeto kwake anaona chikasu chikukhota, ndipo Batani anawathamangira akuwaitana. Anawapeza achikasuwo pamlatho akujambulana. Anawayang'ana mmodzimmodzi, ndipo pakati pawo panalibe mwamuna wa chipewa. Kutsogolo kunali achikasu ena, kumanzere ena, kutsidya kwa ngalande ena. Mzinda wonse unali utavala jekete yawo. Ndipo mwa anthu onsewo panalibe ngakhale mmodzi wodziwa kuti pa sitepe yotsika ayenera kutsokomola.

Anakwera pamwamba pa mlatho n'kuima poonekera, mvula ikuwamenya, akutembenukira mbali zonse kuti ngati amuna awo ali pafupi awaone. Palibe anabwera. Anatsika, analowa kanjira kena, kanawafikitsa pamadzi. Anabwerera, analowa kena, nakonso kanathera pamadzi. Tsopano madzi anali atayamba kukwera m'tinjiramo. Anafika m'zidendene, kenako m'akakolo. M'malo ena sizinkadziwika kuti njira yathera pati ndipo ngalande yayambira pati, zonse zinali madzi amodzi otuwa. Ngakhale wa maso ankayenda chogwira khoma.

"Amayi, tamaimani kaye! Mukundiopsa. Pali chimene simukundiuza?"

"Palibe. Yenda."

Anatulukira pamphepete pa ngalande ina yotakata, yopanda anthu ambiri. Apa ndi pamene amake Batani anaona chinthu chikuyandama pafupi ndi khoma, chikuzungulira pang'onopang'ono pakati pa makoko a malalanje ndi mabotolo. Chinali chipewa chotuwa. Chitatembenuka anaona lamba wake wakuda, wosokedwa pamanja, amene anathandiza okha kulowetsa ulusi wake. Anagwira khoma. Batani nayenso anachiona, ndipo anangoti, "Mayo," chapansipansi.

Kenako kunalira lipenga lochenjeza za madzi. Linayamba chapansi n'kumakwera, kulira kotalika kopweteka m'makutu, ndipo mabelu a matchalitchi anayankha mbali zonse. Amake Batani anayenda chodzandira m'mphepete mwa khoma kulowera kumene chipewacho chinachokera. Sankafuna kuyang'ana m'madzi koma maso ankapita komweko. Ngalande itakhota, anakweza mutu.

A Telala anali kutsidya. Anaima okhaokha pamapeto pa kanjira kopanikiza, mutu uli pamtunda, shati itamata m'thupi. Pamene anaimapo panali pokwerera maboti, pa masitepe otsikira m'ngalande, ndipo boti lodzaza achikasu linali likuchoka kulowera kumunsi. Zinali zoonekeratu zimene zachitika. Anatsata chikasu cha mwini mpaka pamenepo, chikasucho chinakwera boti n'kuwasiya. Madzi anali atakwirira masitepe onse n'kulowa m'kanjiramo, moti kunyowa kwa nsapato sikukanawauza kanthu. Tsiku limenelo paliponse pamene munthu ankaponda panali madzi.

Amake Batani anatulukira poyera, chimwemwe chitawaiwalitsa zonse. A Telala anatembenuza mutu pang'onopang'ono ngati munthu wofufuza, ndipo unaima utaloza pa jekete ija. Nkhope yawo inamasuka. Anakweza dzanja, anaika manja kumbuyo monga mwa masiku onse, n'kuponya phazi kutsogolo. Anatsika sitepe imodzi, madzi anafika m'miyendo. Anadzandira pang'ono, koma chikasu chinali patsogolo pawo, ndipo chikasu sichinawanamizepo. Anayamba kunyamula phazi lina.

Amake Batani anatsokomola mwamphamvu, mwachizolowezi, koma lipenga linameza zonse. Ndiye anagwira jekete pachifuwa ndi manja awiri n'kukoka. Mabatani amene amuna awo anawasoka molimba anathothoka n'kugwera m'madzi. Anaivula, anaikwinya, anaibisa kumbuyo n'kutsamira khoma. Kutsidya, phazi la a Telala linaima m'malere. Analibweza. Mutu unayambanso kufufuza.

Batani anali atazinga manja pakamwa kuti akuwe. Amayi ake anamutseka pakamwa ndi dzanja lonyowa.

"Usaitane! M'phokoso muno samva mawu ako akuti chiyani, angomva kumene akuchokera, n'kubwera."

"Abwere bwanji? Akuona kuti pali madzi!"

"Sakuona. Abambo ako saona, Batani. Amaona jekete iyi basi. Chibwerereni kuno akhala akutsata jekete iyi."

Batani anawayang'ana amayi ake ngati amumenya mbama. Anayang'ana kutsidya, kwa bambo ake amene anaima manja atatambasula pang'ono, akusanthula mphepo.

"Ndiye chifuwa chija..."

"Udzandikalipira bwino. Tenga iyi, uibise mpaka ukafike kumbuyo kwawo. Uthamange ukapeze mlatho. Ukalowa m'kanjirako uivale, ndipo usalankhule mpaka utawagwira mkono. Pita!"

Batani anakwinyira jekete ija mkati mwa renikoti yake yabuluu n'kuthamanga, madzi akuthovoka kumapazi. Amake Batani anatsala atavala kabulauzi kopyapyala, mvula ikuyenderera mumsana. Sankatha kuitana, sankatha kugwedeza dzanja, sankatha ngakhale kuoneka. Zaka zonsezi ntchito yawo inali yooneka, ndipo lero moyo wa amuna awo unadalira kuti asaoneke. Kumbuyo kwawo kunatulukira banja lina, mwamuna ndi mkazi, onse atavala marenikoti achikasu, akufuna kujambula ngalandeyo. Amake Batani anawatchingira njira, anawakankhira m'kanjira ndi manja awiri akuwakalipira m'chilankhulo chimene anthuwo sankachimva. Anthuwo anabwerera akung'ung'udza, poganiza kuti akumana ndi wamisala.

Mlatho unali kutali, kapena Batani anasochera. Nthawi inkangopita. Boti la injini linadutsa pakati pa ngalande mothamanga, ndipo funde lake linapita kukamenya masitepe aja. Linawafika a Telala m'maondo. Anagwedezeka, mkono umodzi unazungulira m'malere kufuna chogwira, ndipo panalibe chogwira. Pansi pawo panali ndere zoterera, amake Batani ankaziona kubiriwira kwake funde likabwerera. Analuma chala mpaka kumva kukoma kwa magazi. Anapemphera mawu amodzi okhaokha mobwerezabwereza, akuti aime, aime, aime. Mwamuna wouma mutu uja anaimadi, mwina chifukwa lamulo lake lomwe linkati jekete ikasowa, suyenda.

Kenako mumdima wa kanjira ka kumbuyo kwawo munaoneka chikasu chikubwera. Amake Batani anakhala pansi m'madzi momwemo.

Batani anafika mwakachetechete monga anauzidwira. Anagwira chigongono cha bambo ake ndi manja awiri n'kuwakokera kumbuyo, sitepe imodzi, kenako mpaka pakhoma. A Telala anatembenuka, anaona chikasu pafupi, ndipo anapuma mpweya waukulu.

"Mayi, mwandisiya bwanji? Ndatsata munthu wosatsokomola. Ndimadabwa kuti lero mwakwiya chotani kuti muzindigwetsa pa masitepe." Anayesa kuseka koma sizinatheke. "Mwana ali kuti? Musamuuze. Munene kuti ndinakafuna chimbudzi. Mwamva? Musamuonongere tsiku lake."

Batani anangowagwira mkono molimba. Dzanja la bambo ake linakwera pamkono wa jekete ija mpaka paphewa, ndipo linaima pamenepo. Zala zinatsina nsalu yotsala, imene inkalendewera popanda phewa loidzaza. Zinatsika pachifuwa, pamene panali ulusi wokhawokha m'malo mwa mabatani. Munthu amene anasoka chovala sangasokonezeke kuti wachivala ndani. Lipenga lija linatsika mpaka kuzima.

"Batani."

"Ndine, ababa."

Anabwerera pang'onopang'ono, mwana atagwira mkono wa bambo ake, ndipo bambowo sanaukoke. Amake Batani anakumana nawo pansi pa mlatho, milomo itachita buluu ndi kuzizira. Batani anavula jekete n'kuwafunditsa. Onse atatu anabisala pakhonde la sitolo yotseka, madzi akudutsa m'mapazi.

"Mwamuuza," anatero a Telala.

"Ndamuuza. Mundikwiyire muli pamtunda. Ndikanasunga lumbiro lanu bwenzi pano tikukufunani ndi ndodo pansi pa ngalande."

"Chipewa changa chapita ndi mphepo."

"Ndachiona. Chandipha ine chipewa chimenecho."

Batani anali akulira tsopano, kulira kwa mkwiyo. "Zaka zingati, ababa? Ine ndimatumiza zithunzi, inu n'kumati zakongola. Lero tsiku lonse ndakhala ndikukuonetsani nyumba, milatho, inu n'kumavomera. Ndiye mwaona chiyani?"

"Ndaona msana wa amayi ako," anatero a Telala. "Si woipa ayi."

"Musandiseketse, ndakwiya."

"Kwiya. Koma ntchito usasiye. Chimene ndimaopa ine n'chimenecho, osati madziwa."

"Za ntchito yanga tikambirana ndikamaliza kukwiya. Mawa tikupita kwa dokotala wa maso, ndipo sindikukupemphani."

A Telala anaweramitsa nkhope. Anapukuta mutu wawo wonyowa ndi chikhatho. Ankaoneka wamng'ono popanda chipewa, ndipo akazi awo anawamvera chisoni kuposa mmene anawakwiyira.

"Nyumba yofiira ija ilikodi?" anafunsa patapita kanthawi. "Ya mazenera aatali?"

"Iliko," anatero Batani akupukuta mphuno. "Tikamadutsa ndikuuzani mmene ilili. Mazenera ake ali ngati makolala a malaya a kwaya."

"Ndiye ndi yokongoladi."

Mvula itachepa anayamba ulendo wa kusiteshoni. Njira yonse inali ya pamatabwa aja, opapatiza, anthu atandandalika ngati nyerere, madzi uku ndi uku. Amake Batani anapita kutsogolo monga mwa masiku onse, atagwira jekete yopanda mabatani pachifuwa. Asanaponye phazi anamva dzanja likufufuza kumbuyo kwawo. Linapeza chigongono, linalowa, linagwira zolimba. Sanatembenuke, kuopa kuti akayang'ana dzanjalo lichita manyazi n'kuchoka.

Anayenda choncho mpaka pamlatho woyamba. Atafika pamwamba pake, pamene masitepe amayamba kutsika, amake Batani anatsokomola.

"Mungonena, mayi," anatero a Telala. "Palibenso womubisira."

Amake Batani anameza malovu pakhosi powawapo.

"Sitepe," anatero mokweza, ndipo anatsika onse pamodzi.